Udani umanyamulidwa ndi awiri: zomwe Yesu ankatanthauza ponena za kukonda adani

Mawu akuti mdani tidawazolowera kwambiri moti sitiona zomwe abisa m'kati mwake. Tsinde lake ndi kuda, monga timanenera kuti uje amandida. Koma pakati pake pali kachidutswa kena, -an-, komwe timakapezanso mu kumenyana, kutukwanana, kukwatirana ndi kuthandizana. Kachidutswa kameneka kamasonyeza kuti chinthu chikuchitika uku ndi uku. Mdani tsono ndi munthu amene mumadana naye, iye kuda inu, inunso kuda iye. Makolo adaona kalekale kuti udani uli ngati machila: pamafunika wina kutsogolo, wina kumbuyo, ndipo mmodzi akatula, ulendo waima.

Buku Lopatulika, lomwe lidatuluka lathunthu mu 1922, limanena chonchi pa Mateyu 5:43-44: "Munamva kuti kunanenedwa, Uzikondana ndi mnansi wako, ndi kudana ndi mdani wako: koma Ine ndinena kwa inu, Kondanani nao adani anu, ndi kupempherera iwo akuzunza inu." Omasulira adaikamo -an- yemwe uja. Kondanani nawo. Koma m'Chigiriki, chilankhulo chomwe Chipangano Chatsopano chidalembedwamo, mulibe ganizo la kubwezerana pamenepa. Lamuloli likuloza mbali imodzi yokha: inu muziwakonda, kaya iwo akukondani kapena ayi. N'chifukwa chake Mabaibulo omasuliridwa pambuyo pake amangoti muzikonda adani anu. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma chiphunzitso chonse chagona pamenepo. Yesu sakulonjeza kuti mdani adzasintha. Akuuza wophunzira wake kuti atule mbali yake ya machila.

Ndani adanena kuti uzidana ndi mdani wako?

Mukafufuza m'Chipangano Chakale chonse simupeza lamulo lotere. Levitiko 19:18 imati uzikonda mnansi wako monga udzikonda wekha, ndipo imathera pomwepo. Eksodo 23:4-5 imapita patali: ukapeza ng'ombe kapena bulu wa mdani wako atasokera, umubwezere, ndipo ukaona bulu wa munthu wodana nawe atagwa ndi katundu, umuthandize kudzutsa. Mneneri Elisa, asilikali a Aramu omwe adabwera kudzamugwira atagwa m'manja mwake, adaletsa mfumu ya Israele kuwapha. Adati awakonzere chakudya, adye, azipita kwawo. Choncho n'kulakwa kuphunzitsa, monga ena amachitira pa guwa, kuti Ayuda ankalamulidwa kudana pomwe Akhristu amalamulidwa kukonda. Mbewu ya chiphunzitsochi idali kale m'Malemba a Ayuda.

Chomwe chidalipo ndi nzeru ya munthu aliyense yodulira lamulo malire. Ngati ndauzidwa kukonda mnansi, ndiye kuti amene si mnansi ndingamuchite zomwe ndikufuna. Ndipo mawu olimbikitsa maganizo amenewa sankasowa. Wolemba Salmo 139 akunena mosabisa kuti amadana ndi adani a Mulungu ndi udani wathunthu. Mipukutu yomwe idayamba kupezeka mu 1947 m'mapanga a ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, ikusonyeza gulu la Ayuda la nthawi imeneyo lomwe linkalumbiritsa anthu ake kukonda ana onse a kuunika ndi kudana ndi ana onse a mdima. Yesu ankayankha chinthu chomwe chinkamveka m'misewu.

Ndipo omvera ake sankafunika kuganiza nthawi yaitali kuti adziwe mdani. Aroma adalanda Yerusalemu m'chaka cha 63 Yesu asanabadwe. Herode Wamkulu atamwalira kudabuka zipolowe, ndipo wolemba mbiri Josephus akuti kazembe wa Aroma, Varus, adapachika anthu pafupifupi 2,000 pa mitanda. Mzinda wa Sepphoris, womwe udali pa mtunda wa makilomita ochepa kuchokera ku Nazarete, udatenthedwa nthawi yomweyo. Anthu omwe adakhala pansi paphiri kumvera Yesu adali ana ndi adzukulu a anthu omwe adaona zimenezi. Kwa iwo mdani sadali mnzawo wa kumpingo yemwe sadawapatse moni. Adali msilikali wokhala ndi lupanga, wamsonkho wogwirira ntchito atsamunda, ndi mwini ngongole wofuna kulanda munda.

Tsaya, malaya ndi mtunda

Asanafike pa lamulo la kukonda adani, Yesu adayamba ndi diso kulipa diso. Lamulo limeneli timaliona ngati lankhanza, koma pachiyambi lidali chotchinga. Lisanabwere, kubwezera kudalibe muyeso. Lameki wa m'Genesis 4 adadzitama kwa akazi ake kuti adapha munthu chifukwa chongomuvulaza, ndipo adati iye adzabwezeredwa ka 77. Diso kulipa diso kunkatanthauza kuti wokuchotsa dzino usamuchotse mutu. Yesu adatenga chotchingacho n'kuchisunthira kutsogolo, ndipo adapereka zitsanzo zitatu zomwe zimamveka molakwika tikazichotsa m'dziko lomwe zidanenedwa.

Choyamba ndi cha tsaya. Mateyu akutchula tsaya lamanja, ndipo sadatchule mwangozi. Imani moyang'anizana ndi mnzanu muyese. Kuti dzanja lanu lamanja lifike pa tsaya lake lamanja, muyenera kumumenya ndi kuseri kwa dzanja. Kumeneku sikumenya kwa ndewu ya anthu ofanana mphamvu. Ndi khofi la bwana kwa wantchito, la msilikali kwa munthu wamba, lomwe cholinga chake n'kukuuza kuti ndiwe chabe. Malamulo a Ayuda omwe adalembedwa cha m'ma 200 adaika chindapusa cha khofi la kuseri kwa dzanja kuwirikiza kawiri cha khofi wamba, chifukwa cha chipongwe chake. Ife a kuno sitivutika kumvetsa zimenezi. Timadziwa kuti kupatsa mkulu chinthu ndi dzanja lamanzere ndi mwano ngakhale chinthucho chikhale chabwino. Tsono womenyedwa akatembenuza tsaya linalo, sakuthawa, sakugwada, komanso sakubwezera. Waima pomwepo n'kumuyang'ana womenyayo m'maso.

Chachiwiri ndi cha munthu wokusumira kuti atenge malaya ako. Chilamulo cha Mose chinkati wotenga chofunda cha mmphawi ngati chikole achibweze dzuwa lisanalowe, chifukwa n'chomwe amafunda usiku. Yesu akuti wofuna malaya umusiyirenso chofundacho. Wangongole atuluke m'bwalo ali chimanjamanja, pafupifupi wamaliseche, anthu onse aone pomwe umbombo wa wokongozayo wafika.

Chachitatu ndi cha mtunda. Msilikali wa Aroma adali ndi mphamvu yogwira munthu aliyense pamsewu kuti amunyamulire katundu. Mawu a Chigiriki omwe ali pamenepa ndi omwewo omwe Mateyu akugwiritsa ntchito pofotokoza za Simoni wa ku Kurene, yemwe adakakamizidwa kusenza mtanda wa Yesu. Mtunda umodzi wa Aroma udali pafupifupi kilomita imodzi ndi theka. Yesu akuti upite naye iwiri. Woyamba wayenda ngati kapolo. Wachiwiri wausankha wekha, ndipo msilikali uja sakudziwanso kuti akuyenda ndi munthu wamtundu wanji.

Katswiri wa Baibulo wa ku America, Walter Wink, ndiye adatchukitsa kawerengedwe kameneka, kakuti Yesu ankaphunzitsa njira yachitatu pakati pa kumenya ndi kugonja. Akatswiri ena amati Wink adawonjezera mchere, ndipo zitsanzozi zikungophunzitsa kusabwezera ndi kuwolowa manja kopyola muyeso. Ine ndimaona kuti pa nkhani ya tsaya Wink adalasa, pa ya malaya adakoka chingwe pang'ono. Koma mbali zonse zimagwirizana pa chimodzi: m'zitsanzo zitatu zonsezi wolakwiridwa ndiye akusankha chochita. Mdani wataya mphamvu yolamula kuti mnzakeyo akhale munthu wotani.

Chikondi chake n'chotani?

Vuto lathu ndi lakuti tili ndi liwu limodzi, chikondi, lomwe timatchulira za mnyamata ndi chibwenzi chake, za mayi ndi khanda, ndi za munthu ndi nsima ya kondowole. Tikamva kuti tikonde mdani timaganiza kuti tikuuzidwa kuti mtima uzisangalala tikamuona. Zimenezo palibe angazilamule. Martin Luther King, mbusa womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, polalikira za ndime imeneyi mu mzinda wa Montgomery mu 1957, adanena kuti n'zofunika kuona kuti Yesu sadatiuze kuti tizisangalatsidwa ndi adani athu, chifukwa pali anthu ena ovuta kusangalatsidwa nawo. Ankadziwa zomwe ankanena. Nyumba yake idaphulitsidwa ndi bomba mu Januwale 1956, mkazi wake ndi mwana ali m'katimo.

Luka 6:27-28 akumasulira yekha chikondichi ndi ntchito zitatu: chitirani zabwino odana nanu, dalitsani okutembererani, pemphererani okuchitirani chipongwe. Zonsezi munthu angathe kuzichita mtima ukuwawa. Mungathe kunyamula mwana wa munthu yemwe mukulimbirana naye malire a munda n'kuthamangira naye kuchipatala usiku, mlandu wa mundawo ukadali kwa amfumu. Mungathe kukana kuwonjezera bodza pa mbiri ya munthu amene adakunamizirani. Pa zitatuzi, pemphero ndilo lovuta kunamizira, chifukwa palibe amene amakuonani. N'kovuta kutchula dzina la munthu pamaso pa Mulungu tsiku ndi tsiku, kumupemphera zabwino zenizeni, n'kumapitiriza kumuona ngati chilombo.

Chifukwa chomwe Yesu akupereka n'chomwe mlimi aliyense amachidziwa. Atate wakumwamba amawalitsa dzuwa pa oipa ndi pa abwino, amagwetsa mvula pa olungama ndi pa osalungama. Mvula ya Disembala sidumpha munda wa wakuba. Apa chiphunzitsochi chikusiyana ndi nzeru zathu zambiri, ngakhale zabwino. Timati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Timati kupatsa n'kuika. Miyambi imeneyi yasunga midzi, ndipo sindikuinyoza, koma yonse yaima pa chiyembekezo chakuti zabwino zidzabwerera. Yesu akufunsa kuti, ngati mukonda okukondani okha, mwachita chiyani chapadera? Amisonkho nawonso amatero. Ngati mukongoza okhawo amene adzabweza, ochimwa nawonso amatero. Akufuna munthu wozima ndevu za yemwe adayatsa zake dzulo.

Paulo akuika maziko ena pansi pa zimenezi pa Aroma 5:10, pomwe akuti tidayanjanitsidwa ndi Mulungu tili adani ake. Mkhristu, mwa chikhulupiriro chake chomwe, ndi mdani yemwe adakondedwa. Paulo adali ndi chifukwa chonenera zimenezi. Stefano akuponyedwa miyala n'kumapemphera kuti Ambuye asawaike tchimo limeneli, mnyamata yemwe ankasunga zovala za oponya miyalawo adali Pauloyo.

Pali vesi lina lomwe anthu amalikonda pa chifukwa cholakwika. Aroma 12:20, pobwereza Miyambo 25, imati mdani wako akamva njala umdyetse, akamva ludzu ummwetse, pakuti potero udzaunjika makala a moto pamutu pake. Ndamvapo anthu akulitchula mano ali gwa, ngati kuti mbale ya nsima ndi njira yochenjera yomuwotchera munthu. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko lomwe lero ndi Algeria, adamasulira makalawo ngati manyazi otentha omwe amafikitsa munthu pa kulapa, ndipo vesi lotsatira likumuvomereza: musagonje kwa choipa, koma ndi chabwino gonjetsani choipa. Wodyetsa mdani n'cholinga choti apse sadatule machila, wangosintha phewa.

Pomwe chiphunzitsochi chasanduka chikwapu

Tisabise, mawu amenewa avulaza anthu. Eni akapolo ankawakonda. Atsamunda ankawakonda. Mpaka lero mayi womenyedwa ndi mwamuna wake amapita kwa ankhoswe kapena kwa akulu a mpingo ali ndi zipsera, n'kuuzidwa kuti banja ndi kupirira, Yesu adati tembenuza tsaya lina. Mwana wogwiriridwa ndi wachibale amauzidwa kuti akhululuke, nkhani ithere m'nyumba. Uku n'kutenga mawu omwe adanenedwa kuti alimbitse wofooka n'kuwapereka m'manja mwa wamphamvu.

Yesu mwini atamenyedwa khofi pamaso pa mkulu wa ansembe sadakhale chete. Yohane 18:23 akuti adafunsa kuti, ngati ndalankhula choipa chitira umboni, koma ngati ndalankhula bwino ukundimenyeranji? Paulo atakwapulidwa popanda mlandu ku Filipi adakana kutulutsidwa m'ndende mwakachetechete; adati akuluakulu a mzindawo abwere okha adzawatulutse, ndipo adabwera kudzapepesa. Pambuyo pake adachita apilo kwa Kaisara. Palibe mwa awiriwa amene adabwezera, koma palibenso amene adanamizira kuti choipa sichidachitike. Kunena zoona za cholakwa, kupita kupolisi, kugwiritsa ntchito lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lomwe Malawi idakhazikitsa mu 2006, zonsezi sizitsutsana ndi Mateyu 5. Kumusiya munthu azipitiriza kumenya sikumukonda. Kumamuwononga iyenso.

Pali zinthu zitatu zomwe timazisakaniza mumphika umodzi. Kukonda mdani kumadalira inu nokha, ndipo kungayambe lero. Kukhululuka n'kusiya ngongole ya mumtima, ndipo kawirikawiri kumatenga nthawi. Wokakamiza wolira kuti akhululuke maliro asanaikidwe akuchita nkhanza. Kuyanjana kumafuna anthu awiri, kumafuna kuti wolakwa avomere ndi kusintha, ndipo nthawi zina sikutheka. Paulo adadziwa zimenezi pomwe adalemba kuti ngati n'kutheka, monga momwe mukhoza, khalani ndi mtendere ndi anthu onse. Davide adamupeza Sauli m'phanga ku En-gedi, adangodula msonga ya mkanjo wake osamupha. Sauli adalira, adavomera kulakwa. Koma nkhaniyo ikutha ndi Sauli akupita kwawo ndipo Davide akubwerera kobisala kwake. Adamuleka ndi moyo, koma sadamukhulupirire.

Papa John Paul II adawomberedwa pa 13 Meyi 1981, ndipo mu Disembala 1983 adapita kundende kukacheza ndi Mehmet Ali Ağca, yemwe adamuwomberayo. Adamukhululukira, koma Ağca adakhalabe m'ndende ya ku Italy mpaka 2000. Mlandu suola, ngakhale mtima utakhululuka.

Ku South Africa funso limeneli lidafika pa dziko lonse. Mu 1985 gulu la abusa ndi akatswiri a zaumulungu lidatulutsa chikalata cha Kairos, chodzudzula mipingo yomwe inkalalikira chiyanjano popanda chilungamo tsankho likadali pampando. Tsankho litagwa, komiti ya choonadi ndi chiyanjano yomwe ankatsogolera Desmond Tutu idayamba kumva maumboni mu 1996. Sidagawe chikhululukiro ngati makuponi. Wopempha ankayenera kuulula zonse poyera, ndipo mwa anthu oposa 7,000 omwe adapempha, osakwana 900 ndiwo adachilandira. Ngakhale zidatero, mabanja ena, kuphatikizapo la Steve Biko, womenyera ufulu yemwe adafera m'manja mwa apolisi, adapita kukhoti kukatsutsa dongosololi, ponena kuti boma lilibe ufulu wokhululuka m'malo mwawo. Sindikuona kuti adalakwa kufunsa.

Za nkhondo, Akhristu sadamvanepo. Olemba ambiri a zaka 300 zoyambirira za Chikhristu ankakayikira zoti wobatizidwa agwire lupanga. Ufumu wa Roma utayamba kukondera Chikhristu m'nthawi ya mfumu Constantine, Augustine ndi omutsatira adaphunzitsa kuti boma lingamenye nkhondo poteteza osalakwa, malinga pali chifukwa cholungama ndi malire. Mipingo ya Amenoni, a Quaker ndi a Mboni za Yehova imakana nkhondo mpaka lero. Kuno kwathu John Chilembwe, mbusa yemwe ankawerenga Mateyu yemweyu, adalemba kalata mu 1914 yodandaula kuti Aafirika akufera nkhondo ya azungu, ndipo mu Januwale 1915 adatsogolera kuukira komwe kudaphetsa anthu. Timamulemekeza pa ndalama zathu ndi pa 15 Januwale, ndipo Mkhristu woona mtima ayenera kuvomera kuti nkhani yake silowa mosavuta m'ndime imeneyi.

Mdani wobadwa naye

Udani woopsa kwambiri masiku ano si wa munthu yemwe adakulakwirani. Ndi wa munthu yemwe simudakumanepo naye, koma mudauzidwa kuti ndi wa mtundu uja, chipani chija, chipembedzo chija. Udani woterewu umalowa ngati chuma chamasiye.

Ayuda ndi Asamariya adali choncho. Luka 9 akusimba kuti mudzi wina wa Asamariya udakana kulandira Yesu, ndipo Yakobo ndi Yohane, ana a Zebedayo, adapempha chilolezo choitanitsa moto kuchokera kumwamba. Yesu adawadzudzula. Ndimaikumbukira nkhani imeneyi ndikamamva mapemphero a usiku omwe afala m'matauni mwathu, anthu akufuula moto pa adani awo, kuti zomwe adatumiza zibwerere kwa mwini wake. Ndikumvetsa mantha omwe amabala mapemphero otere. Koma pempho lake ndi lomwe lija la ana a Zebedayo, ndipo yankho lake lidaperekedwa kale. M'chaputala chotsatira Yesu akusimba fanizo la munthu wovulazidwa panjira ya ku Yeriko, ndipo chomwe timachiphonya n'chakuti sadaike Msamariya m'ngalande kuti Myuda amuchitire chifundo. Adaika Myuda m'ngalande, Msamariya n'kukhala mpulumutsi. Womvera akukakamizidwa kulandira moyo kuchokera m'manja omwe adaphunzitsidwa kuwanyansidwa. Ndipo pa ophunzira ake 12 adaikamo Mateyu, wotolera msonkho wa atsamunda, ndi Simoni Zelote, wa mbali yodana ndi atsamundawo, kuti azidya m'mbale imodzi.

Rwanda ndi chilonda chomwe mpingo wa mu Africa suyenera kuchiphimba. Mu 1994 anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse m'dzikomo ankadzitcha Akhristu, koma m'masiku 100 anthu pafupifupi 800,000 adaphedwa, ambiri mwa iwo Atutsi. Ochuluka adafera m'matchalitchi momwe adathawira, ku Nyamata, ku Ntarama ndi kwina. Ku Nyange tchalitchi lidagwetsedwa ndi chigalimoto chokumbira anthu ali m'katimo, ndipo wansembe wa pamalopo, Athanase Seromba, adaweruzidwa ndi khoti la mayiko onse kuti akhale m'ndende moyo wake wonse. Opha adali obatizidwa, oimba kwaya. Wailesi idawaphunzitsa kutchula anansi awo kuti mphemvu, ndipo liwu limenelo lidalemera kuposa ubatizo. Koma ku Nyange komweko, mu Marichi 1997, zigawenga zidalowa pasukulu ya sekondale usiku n'kulamula ophunzira kuti apatukane, Ahutu uku Atutsi uku. Anawo adakana, adati onse ndi Anyarwanda. Ena mwa iwo adaphedwa pomwepo.

Ife timadzitcha dziko lamtendere, ndipo poyerekeza ndi ena n'zoona. Koma utsi umaoneka. Zisankho za 1999 zitatha, mizikiti ingapo idatenthedwa m'chigawo cha kumpoto. Mu 2003 matchalitchi adawonongedwa ku Mangochi. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe powaganizira ufiti, mphezi itapha mtsikana. Ziwawa za 2019 zidasiya wapolisi ataphedwa ku Msundwe ndi amayi a m'deralo atachitidwa zachipongwe. Chisankho chilichonse chikayandikira, magulu a WhatsApp ndi masamba a Facebook amadzaza ndi mawu onyoza Atumbuka, Alhomwe, Achewa, Ayao, olembedwa ndi anthu omwe chithunzi chawo chili ndi vesi pansi pake. Pa intaneti udani ndi wotchipa, chifukwa suona nkhope ya yemwe ukumutukwana, ndipo makina ake amakankhira patsogolo zomwe zakwiyitsa anthu ambiri. Kukonda mdani pamenepo kumayamba ndi zinthu zazing'ono zochititsa manyazi: kusatumiza uthenga womwe ukunyoza mbali inayo ngakhale ukukoma, kutsutsa bodza lonenera munthu yemwe simumufuna, kudzudzula wa chipani chanu pomwe walakwa. Chomalizachi ndicho chimadula, chifukwa anzanu amakutchani wogulidwa.

Tili nazo zoyambira. Pamudzi, anthu osalankhulana amakumana pamaliro, wina akukumba manda, wina akuphika. Bungwe la Public Affairs Committee, lomwe lidabadwa mu 1992 abishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ya m'nyengo ya Lenti, lidaika Akhristu ndi Asilamu patebulo limodzi, ndipo dziko lidachoka ku chipani chimodzi kudzera mu referendamu ya 14 Juni 1993 popanda nkhondo yapachiweniweni.

Kodi zimagwira ntchito?

Nthawi zina ayi, ngati kugwira ntchito kukutanthauza kuti mdani afewe. Mu 1569 ku Asperen, m'dziko la Netherlands, Dirk Willems adathawa m'ndende momwe adatsekeredwa chifukwa cha kubatizidwanso ali wamkulu. Adawoloka dziwe lomwe madzi ake adaundana ndi chisanu, koma womuthamangitsa adabooka n'kuyamba kumira. Willems adabwerera, adamuvuula. Adagwidwa pomwepo, ndipo adatenthedwa pamoto. Aliyense wolalikira kuti kukonda adani ndi njira yopambanira ayenera kuyamba waima pa dziwe limenelo.

Nthawi zinanso zimabala zomwe mfuti zidalephera. Nkhondo ya ku Mozambique ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo idatha zaka pafupifupi 16, ndipo anthu a ku Nsanje, Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza akukumbukira bwino, chifukwa othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni adakhala pakati pawo, kugawana nawo zitsime ndi nkhuni. Omwe adayamba kuyenda pakati pa mbali ziwirizi, pa nthawi yomwe kulankhula ndi Renamo kunkaoneka ngati kugulitsa dziko, adali atsogoleri a mipingo, monga Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican. Zokambirana zidayamba mu 1990 ku Rome, m'nyumba ya gulu la Akatolika wamba la Sant'Egidio, ndipo zidakoka zaka ziwiri ndi miyezi, mpaka Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere pa 4 Okutobala 1992. Mtendere umenewo udali ndi mtengo wake: padaperekedwa chikhululukiro cha onse, ndipo ambiri omwe adadula anthu makutu ndi milomo sadaimepo pabwalo.

Mu 1995 Sengulane, kudzera m'bungwe la mipingo ya m'dzikomo, adayambitsa ntchito yotengera mawu a Yesaya 2:4, akuti adzasula malupanga awo akhale zolimira. Munthu ankabweretsa mfuti yomwe adakwirira kumunda, osafunsidwa kuti adali mbali iti kapena adapha angati, n'kulandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Mfutizo ankazidula, ndipo amisiri a ku Maputo adawotcherera zidutswa zake n'kupanga mipando, mbalame ndi mtengo waukulu womwe udakaonetsedwa ku British Museum ku London mu 2005.

Mfuti zonse sizidatuluke m'nthaka. Mu 2013 kuwomberana kudayambiranso m'chigawo chapakati, ndipo pofika 2016 mabanja a ku Tete adali akuwolokanso malire ndi mitolo pamutu, kudzamanga zisakasa ku Kapise m'boma la Mwanza. Padafunika kuti anthu akhalenso pansi ndi omwe adawaphera abale, mpaka Filipe Nyusi, yemwe adali pulezidenti nthawiyo, ndi Ossufo Momade wa Renamo adasaina pangano lina mu Ogasiti 2019.